Jenereta yanga ikulira mokwera ndi kutsika, ndipo firiji ikamayamba imafuna kuthima

Mphunzitsi Wopuma (Makawa) analemba:

Moni kwa nonse amene mumakonda kugwira injini ndi mawaya ndi manja anu. Ine ndimakhala chakumtunda kwa Makawa, kataliko ndithu kuchokera pa msewu wopita ku Monkey Bay, kumene mapolo a magetsi sanafikebe, ndipo chipumireni ntchito ya uphunzitsi ndakhala ndikudzikonzera ndekha zipangizo za pakhomo pano. Chaka chatha ndinagula jenereta ya petulo yolembedwa 2.5 kVA, ya injini imene ogulitsa amaitchula kuti 168F, ija yofanana kapangidwe ndi Honda GX200. Ndinaigulira kuti iziyendetsa firiji yotsegulira pamwamba, mmene mayi a kunyumba amasungiramo chambo ndi kampango podikira ogula ochokera ku Blantyre, komanso kuti tiziyatsa mababu 5, tizionera wailesi ya kanema ndi kutchaja mafoni.

Miyezi yoyamba inatitumikira bwino kwambiri. Vuto layamba titabwerako ku Zomba, kumene tonse awiri tinakakhala milungu 7 tikudwazika mchimwene wanga, ndipo nthawi yonseyo jenereta inali chikhalire ndi petulo wake m'thanki. Tsopano ndikaikoka imalira ndithu, koma ndikangotsegula choki liwu lake limayamba kukwera ndi kutsika ngati munthu amene akupuma befu, mababunso amawala ndi kuzilala motsatira liwulo. Ndikabwezera choki pakati imakhazikika, koma utsi umada ndipo pulagi imachita mwaye tsiku limodzi lokha. Chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri n'chakuti firiji ikamayamba injini imagwada, nthawi zina n'kuthimiratu, ndipo ndikuopa kuti ndiwotcha kompuresa ya firiji imene ikutidyetsa.

Ndasintha pulagi, ndathira oyilo watsopano, ndachapanso siponji yosefera mpweya, koma palibe chimene chasintha. Maganizo amene ndili nawo ndi okunga sipuling'i ya gavana, kachipangizo kolamulira liwiro la injini, kuti injiniyo izithamanga kwambiri, mwina ingamapirire firiji ikamayamba, koma ndisanagwire pamenepo ndati ndiyambe ndafunsa kwa inu odziwa. Ndiwonjezere kuti jeneretayi imakhala m'khitchini yakale kuseri kwa nyumba poopa akuba, ndipo magetsi amafika m'nyumba kudzera pa waya wowonda wa mamita 30.

Funso lachiwiri ndi la petulo. Ndayeza ndi botolo n'kupeza kuti jeneretayi imamwa pafupifupi malita 0.6 pa ola, ndipo timailiza maola 8 pa tsiku, kutanthauza malita oyandikira 5 tsiku lililonse, chonsecho katundu amene ikunyamula ndi wopepuka zedi, poti pa kachikwangwani ka kuseri kwa firiji palembedwa 130 W. Phindu la nsomba likuthera m'thanki. Mnzanga wina wandiuza kuti panelo imodzi ya sola ya 100 W, batire la galimoto ndi inveta yaing'ono (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba) n'zokwanira kuti ndisiyane naye petulo. Ndikupempha amene munayesapo mundiuze ngati masamu akewo akulondola, chifukwa ndalama ya penshoni siilola kugula chinthu kawiri.

Makaniko wa Maboti (Monkey Bay) anayankha:

Aphunzitsi, ndikupempheni kuti sipuling'i ya gavana musaigwire. Ndayambira pamenepa chifukwa majenereta ambiri amene amafika pa shedi yanga atawotcha katundu wa m'nyumba amakhala kuti mwini wake anayamba wakunga pamenepo. Jenereta ya mtundu wanuwo iyenera kuzungulira maulendo 3000 pa mphindi kuti itulutse magetsi a 50 Hz (ogwedezeka maulendo 50 pa sekondi), amene zipangizo za kuno kwathu zimafuna limodzi ndi mavolti 230. Mukaithamangitsa kuposa apo ma Hz amakwera, ndipo mota ya firiji imayenda pa liwiro limene sinapangidwire. Gavana wanu sanalakwe kanthu. Iye akungoyesetsa kugwira liwiro pa injini imene ikumanidwa chakudya: injini ikafooka amatsegula kukhosi, ikadzidzimuka n'kuthamanga amatsekanso, ndiye kukwera ndi kutsika kumene mukumvako.

Chimene chaulula matenda ndi choki. Ntchito ya choki ndi kuchepetsa mpweya wolowa mu injini, tsono ngati injini ikukhazikika pokhapokha mwaimana mpweya, ndiye kuti petulo amene akudutsa m'kabuleta, mosakanizira petulo ndi mpweya, ndi wochepa poyerekeza ndi mpweyawo. Timabowo ta majeti, modutsira petulo m'kabuletamo, tatsekeka, ndipo milungu 7 imene munali ku Zomba ndi yokwanira kuchita zimenezo. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, ntchito imene inayambira ku Dwangwa mu 1982 n'kudzafikanso ku Chikwawa pambuyo pake. Petulo ameneyu alibe vuto akamagwiritsidwa ntchito msanga, koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo ife a m'mphepete mwa nyanja chinyezi sitichisowa. Akakhalitsa m'kapu ya kabuleta, mbali yopepuka ya petulo imauluka ndi kutentha kwa kunoku, pansi n'kutsala madzi ndi utomoni umene umauma m'timabowo tating'ono ngati tsitsi. Injini za maboti zimene zimagonera pa gombe nyengo ya mwera, asodzi akalephera kulowa pa nyanja, zimabwera kwa ine ndi matenda omwewa.

Chitani motere, injini itazizira ndiponso muli kutali ndi moto. Tsekani kampopi ka petulo, mumasule bawuti ya 10 mm imene ili pansi pa kapu ya kabuleta, ndipo zotuluka mmenemo muzilandire m'botolo lagalasi loyera. Mukalisiya kanthawi mudzaona ngati muli madzi, chifukwa madzi amakhala pansi, petulo pamwamba, pakati n'kuoneka mzere. Mkati mwa kachipilala ka pakati pa kabuleta muli jeti yaikulu ya mkuwa. Imasuleni ndi sikuludiraiva yokwana bwino mumng'alu wake, poti mkuwa ndi wofewa ndipo mukautafuna jetiyo simudzaichotsanso. Pamwamba pake pali kachubu kokhala ndi timabowo tambiri m'mbali, nakonso kagwetseni mukatsuke. Koma jeti imene ndikuikayikira kwambiri ndi yaing'ono, imene anthu ambiri saidziwa n'komwe. Imakhala kunja, pamwamba pa kabuleta, ndi yapulasitiki yakuda, ndipo imapanikizidwa ndi sikulu yoimika liwiro la pansi. Werengani maulendo amene mwazunguliza sikuluyo poimasula kuti mudzaibwezere pomwe inali, kenako tukulani jetiyo pang'onopang'ono osang'amba timphira take.

Potsegula timabowoto musagwiritse ntchito singano kapena waya wachitsulo, chifukwa mukakulitsa bowo ngakhale pang'ono injini izidzamwa petulo wambiri mpaka mutagula jeti ina. Tengani ulusi umodzi wa kopa wa mkati mwa waya wamagetsi, muudutsitse mofatsa, mutsuke ndi petulo woyera, kenako mupemerere ndi pampu ya njinga. Mukaloza jetiyo ku dzuwa muyenera kuona kuwala kozungulira bwino. Pobwezera yang'anitsitsani magasiketi a pakati pa kabuleta ndi injini, poti gasiketi yong'ambika imalowetsa mpweya wakuba, ndipo zizindikiro zake n'zofanana ndendende ndi za jeti yotsekeka. Petulo wakale wa m'thanki mumukhuthule yense.

Ikalira, yezani ndi mita imene imaonetsa ma Hz. Isananyamule kanthu ikhale pa 51 kapena 52, ndipo ikanyamula katundu itsikire pafupi ndi 50. Ikakhala kuti yakhazikika koma ilibe mphamvu, yezani mavalavu injini ili yozizira: lolowetsa mpweya likhale ndi mpata wa 0.15 mm, lotulutsa utsi 0.20 mm. Mpata wa pulagi ndi 0.7 mpaka 0.8 mm. Injini imeneyi imalowa oyilo wokwana malita 0.6 okha ndipo ilibe sefa ya oyilo, n'chifukwa chake ine ndimalangiza kusintha pa maola 50 alionse kuno kotentha ndi kwafumbi, ngakhale mabuku amati 100. Kwa inu amene mumailiza maola 8 pa tsiku, imeneyo ndi sabata iliyonse.

Pa za firiji, nambala ya 130 W ija ndi ya nthawi imene kompuresa ikuyenda kale. Poyamba imakoka mphamvu kasanu kapena kuposa kwa kamphindi kochepa, moti ikhoza kupempha pafupifupi 1000 W. Jenereta yanu ikakhala yathanzi imapereka pafupifupi 2000 W mosalekeza, tsono katundu ameneyu si woti n'kuigwaditsa. Ikugwada chifukwa panthawi imene ikufuna petulo wambiri mwadzidzidzi, jeti zikulephera kumupereka. Waya wanu wowonda si gwero la vuto koma akuwonjezera, poti mavolti amatsika m'njira panthawi yomwe kompuresa ikuwafunitsitsa, ndipo ndi bwino mupeze wa 2.5 mm² wa kopa weniweni. Jenereta ikathima firiji ikuyenda, zulani pulagi ya firiji mudikire mphindi 5 musanailumikizenso, kuti gasi wa mkati akhazikike. Kompuresa yoyambitsidwa gasi adakali wopanikizika imangong'ung'udza n'kutentha, ndipo mmenemo ndi mmene zambiri zimapsera.

Ulendo wina mukamachoka pakhomo masiku ambiri, tsekani kampopi injini ikulira mpaka ithime yokha, kenako mumasule kasikulu ka m'mbali mwa kapu kuti madontho otsala atuluke.

Wa Sola (Mangochi Boma) anayankha:

Bambo, za kabuleta amisiri a ku Monkey Bay anena zonse ndipo ndilibe chowonjezera. Ine ndiyankhe za masamu a mnzanu uja. Sakulondola, ngakhale ndikumvetsa kumene maganizo akewo akuchokera, poti panelo ya 100 W ndi batire limodzi zimakwaniradi mababu ndi mafoni. Firiji ndi nkhani ina. Chichokereni mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa pafupifupi 130 MW pa magetsi a dziko lino, anthu ambiri pa Boma pano anathamangira kugula mabatire ndi mainveta, ndipo ndaona mabatire ambiri akufa chaka chisanathe chifukwa cha masamu ngati amenewa.

Chofunika kuwerenga si mawati okha ayi, koma mawati kuchulukitsa ndi maola, zimene timalemba kuti Wh. Kuno kwathu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kompuresa ya firiji yotsegulidwatsegulidwa imayenda pafupifupi theka la tsiku, ndiye 130 W kuchulukitsa ndi maola 12 zikutipatsa 1560 Wh. Mababu 5 a 7 W oyaka maola 5 ndi 175 Wh, wailesi ya kanema ya 60 W yoonera maola 4 ndi 240 Wh, ndipo mukawonjezera mafoni mwafika pa 2000 Wh. Inveta nayo imadyako gawo lake, tsono tinene kuti mukufunika 2300 Wh pa tsiku. Dzuwa la kuno tikaliwerenga mosamala limafanana ndi maola 5 a dzuwa lamphamvu, koma panelo siipereka zonse zimene yalembedwa, chifukwa cha fumbi, mawaya ndi kutentha. Panelo imataya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu yake pa digiri iliyonse imene yapitirira 25, ndipo ya pa denga la malata masana imatentha moti simungaikhudze. Ndimawerengera magawo atatu mwa anayi okha. Potero panelo ya mnzanu ija ingakupatseni 375 Wh pa tsiku, pamene inu mukufuna 2300. Mukufunika mapanelo okwana 600 W kapena kuposa pang'ono. Muwaloze kumpoto, poti Mangochi ali pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, muwapendeke madigiri 15 kuti mvula izitsuka fumbi, ndipo musiye mpata pansi pake kuti mphepo izidutsa.

Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako lidzazidwe nthawi yomweyo. Mapuleti ake ndi opyapyala, ndipo mukamalikama usiku uliwonse silikhalitsa. Ngakhale batire la sola la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka. La 100 Ah (maampu kuchulukitsa ndi maola) pa mavolti 12 limasunga 1200 Wh, koma zanu ndi 600 Wh zokha. Mukaliyeza litapuma, mavolti 12.7 ndiye kuti ladzaza, ndipo 12.2 ndiye kuti lafika pakati, pofunika kulisiya. Usiku wanu wonse ukufuna pafupifupi 1600 Wh, kutanthauza mabatire awiri a 150 Ah olumikizidwa motsatizana kuti apereke mavolti 24, kapena batire limodzi la lithium la 100 Ah pa mavolti 24, limene limalola kukamidwa magawo 80 pa 100 alionse ndipo limapirira maulendo masauzande. La lithium ndi lokwera mtengo pogula, koma kutentha kwa Mangochi n'kumene kumandichititsa kulikonda, popeza moyo wa batire la asidi umadulidwa pakati pa madigiri 10 alionse opitirira 25.

Ndikulimbikitsa mavolti 24 chifukwa cha mawaya. Inveta ikamakoka 1000 W pa mavolti 12, mu waya mumadutsa maampu opitirira 80, amene amatenthetsa waya wamba mpaka kusungunula chikopa chake. Pa mavolti 24 maampuwo amatsika ndi theka. Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi mutu wa batire, ndipo pamenepa sindinyengerera munthu aliyense. Inveta ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala, yosachepera 1000 W, chifukwa zotsika mtengo zija zimatulutsa magetsi odumphadumpha amene amatenthetsa mota ya firiji. Kontirola, chipangizo cholamulira magetsi ochokera ku mapanelo kupita ku batire, ikhale ya mtundu wotchedwa MPPT.

Jeneretayo musaigulitse. Chimene chikukudyerani ndalama n'chakuti injini ya 2000 W ikulira maola 8 kunyamula katundu wosakwana 300 W, ndipo injini imamwa petulo wongoizunguliza yokha ngakhale isananyamule kanthu. Masiku a mitambo mu Januwale ndi Febuluwale, kapena a chiperoni, muziiliza maola awiri kapena atatu m'mawa ikuyendetsa firiji ndi tchaja ya maampu 20 nthawi imodzi, dzuwa lidzamalizitse kudzaza. Kabowo ka 12 V kamene kali pa jeneretapo musakadalire potchaja, poti kamapereka maampu 8 okha ndipo pa majenereta ambiri kalibe choletsa batire likadzaza.

Mayi wa Geni ya Nsomba (Namiasi) anayankha:

Aphunzitsi, ine ma Hz sindiwadziwa, koma firiji ndakhala nayo zaka zambiri ndipo yanga imayendera sola. Ndikugwirizana ndi achimwene a pa Boma pa za mapanelo, koma pa za mabatire akuluakulu ndikusiyana nawo pang'ono, chifukwa akuwerenga ngati firiji iyenera kuyenda usiku wonse. Yanga siyenda usiku. Ndimaiyatsa dzuwa likakwera cha m'ma 8 koloko m'mawa, ndikuithimitsa cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo masana onsewo imayenda osapuma chifukwa batani lake ndinalipotoza mpaka kumapeto. Pansi pake ndinayala mabotolo 20 a lita imodzi odzaza madzi, osafika pakamwa kuti asaphulike akaundana. Masana mabotolowo amauma gwa, usiku ndi amene amasunga nsomba. Mabatire anga ndi aang'ono, ntchito yawo ndi mababu, mafoni ndi kuthandiza firiji mtambo ukadutsa.

Koma njira imeneyi imafuna mwambo, ndipo mwambowo muwafotokozere mayi a kunyumba, poti firiji ndi yawo. Dzuwa likalowa chivundikiro sichitsegulidwa, ngakhale ana apemphe madzi ozizira. Nsomba zofika madzulo sizilowa zili zofunda: ndimazitumbula, kuzitsuka, n'kuziika m'bokosi lina ndi mabotolo angapo oundana, kenako zimalowa m'firiji m'mawa ikayamba kuyenda. Mukathira chambo chofunda chodzaza beseni madzulo, chimasungunula mabotolo onse pakati pa usiku, ndipo chimawononga ndi zinzake zimene zinauma kale. Firiji ikhale m'chipinda chozizirirapo, yotalikirana ndi khoma. Pamwamba pa chivundikiro ndimafunditsa bulangete, koma m'mbali ayi, chifukwa mafiriji ambiri amatulutsira kutentha m'mbali momwemo, ndipo mukaikhudza ikuyenda mudzamva kufunda. Muyang'anenso mphira wa chivundikiro. Tsekerani pepala pakati n'kulikoka, ndipo likatuluka mosavuta ndiye kuti kuzizira kukuthawira pamenepo.

Ngakhale panopa musanagule sola, yesani zomwezi ndi jenereta. Maola amene mumailiza akhale otsatizana kuti mabotolo aundane mpaka pakati, m'malo moiliza pang'ono m'mawa, pang'ono masana, pang'ono usiku.

Wa Sola (Mangochi Boma) anayankhanso:

Mayi, mwanena zoona ndipo ndavomera. Kilogalamu imodzi ya madzi oundana imameza kutentha kokwana pafupifupi 93 Wh isanasungunuke yonse, tsono mabotolo anu 20 akusunga kuzizira kopitirira 1800 Wh, ndipo botolo silikalamba ngati batire. Ndi njira imeneyi mabatire a bambo akhoza kuchepa kwambiri. Ndingochenjeza pa chinthu chimodzi. Madzi wamba amasungunuka pa digiri 0, pamene nsomba yosungidwa milungu yambiri imafuna madigiri 18 pansi pa 0. Kwa nsomba yodikira ogula masiku awiri kapena atatu palibe vuto, koma ikakhala yokhalitsa, kufewa usiku ndi kuumanso masana kumaiwononga mnofu. Mukasungunula magalamu 100 a mchere mu lita iliyonse, madziwo amaundana pafupifupi pa madigiri 6 pansi pa 0, ndipo amagwira firiji pamenepo usiku, nsomba osafewa. Mabotolo amcherewo muwaike chizindikiro kuti wina asawatenge ngati akumwa.

Wa Zaumoyo (Malindi) anayankha:

Aphunzitsi, mawu amodzi a m'funso lanu andikhudza kuposa ena onse, akuti jenereta imakhala m'khitchini. Utsi wa injini ya petulo uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Ukalowa m'magazi umamatirira pamalo pamene payenera kukhala mpweya wabwino, ndipo umamatirira mwamphamvu kuposa mpweya wabwinowo maulendo opitirira 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi mseru, zimene kuno timathamangira kunena kuti ndi malungo, kenako amafooka osathanso kudzuka. Amene ali mtulo sadziwa n'komwe. Injini imene ikuyenda choki chili pakati, monga yanu panopa, imatulutsa mpweya umenewu wambiri kuposa injini yathanzi.

Ngakhale khitchiniyo ili payokha, inu mumalowamo kukathira petulo ndi kukathimitsa injini, ndipo ana akhoza kulowamo kukabisala mvula. Kutsegula chitseko kapena zenera sikukwanira. Jenereta ikhale panja, mamita osachepera 6 kuchokera pa zitseko ndi mazenera a nyumba, paipi ya utsi italoza kumbali, ndipo muganizire kumene mwera umachokera kuti usamakankhire utsi kuchipinda chogona. Mantha a akuba ndi omveka. Mangani kakhola ka zitsulo kotseguka mbali zonse, kokhala ndi denga la malata, ndipo jenereta muimange ndi tcheni ku chitsulo chozikidwa mu simenti. Petulo muzithira injini itathima n'kuzizira, ndipo chigubu chake chisagone m'nyumba.

Mphunzitsi Wopuma (Makawa) anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo ndinayala nsalu yoyera pakhonde n'kumasula kabuleta monga amisiri a ku Monkey Bay analongosolera. M'botolo munatsika madzi okwana supuni ziwiri, ndipo pansi pa kapu panali utomoni wobiriwira. Jeti yaikulu inali yotseguka pang'ono, koma yaing'ono yapulasitiki ija, imene sindinkadziwa kuti ilipo, inali yotsekeka kotheratu moti kuwala sikunkadutsa. Ulusi wa kopa unalowa paulendo wachitatu. Gasiketi imodzi inang'ambika pochotsa, ndipo ndadula ina pa pepala la magasiketi limene ndinakagula pa Boma. Tsopano injini ikulira mokhazikika choki chili chotsegula, mita ikuonetsa 51.6 Hz isananyamule kanthu, ndipo firiji ikamayamba liwu limangotsika pang'ono n'kubwerera. Sipuling'i ya gavana sindinaigwire.

A zaumoyo, mawu anu ndawamva ndipo andiopsa, chifukwa mwezi watha ndinkamva mutu madzulo alionse ndikachokera m'khitchinimo. Jenereta yatuluka lero lomwe, ili pansi pa mtengo wa mango itamangidwa tcheni, ndipo mnyamata wowotcherera zitsulo abwera Loweruka kudzayeza kakhola. Mayi a ku Namiasi, mabotolo 16 alowa kale m'firiji, 8 mwa iwo ndi amchere ndipo tawamanga ulusi wofiira pakhosi. Mayi a kunyumba avomera lamulo losatsegula usiku, ndipo mlungu uno tiziliza jenereta maola 6 otsatizana tione mmene nsomba zizidzukira.

Kwa achimwene a sola ndili ndi funso lina. Ndalama imene ndili nayo panopa ingakwanire mapanelo awiri a 330 W, kontirola ndi inveta, koma batire la lithium liyenera kudikira mpaka chaka chamawa. Ngati firiji iziyenda masana okha monga mayi akuchitira, kodi mabatire awiri a asidi a 100 Ah olumikizidwa pa mavolti 24 angandifikitse kumeneko osafa msanga, nanga kontirola ya MPPT ikhale ya maampu angati kuti ndisadzaisinthenso batire la lithium likadzabwera? Denga langa ndi la malata ndipo mbali yake yaitali yaloza kumpoto chakum'mawa, kumene kuli nyanja.